Jakisoni wa pamsana: madokotala akasiyana maganizo, wodwala wa ku Songani amvere ndani?

Mu February 2025, magulu awiri a akatswiri a zaumoyo anatulutsa zotsatira za kauniuni wawo pa funso limodzi: kodi jakisoni wobaya pamsana amathandiza munthu amene akumva ululu wa m'chiuno wotsikira kumwendo? Bungwe la madokotala a ubongo ndi mitsempha la ku America, American Academy of Neurology, linati jakisoniyu amachepetsako ululu kwa nthawi yochepa. Patangopita masiku owerengeka, gulu la akatswiri lomwe linasonkhanitsidwa ndi magazini ya zachipatala ya BMJ ya ku Britain linalangiza mwamphamvu kuti anthu omwe akhala ndi ululu wa msana kwa miyezi itatu kapena kuposera apo asabayidwe. Mabungwe a madokotala omwe ntchito yawo ndi kubaya majakisoniwa sanachedwe kutsutsa langizoli, ndipo mkanganowo sunathe.

Nkhaniyi ikumveka ngati ya kutali, koma imafika mpaka pa Songani, m'mphepete mwa msewu wa Zomba kupita ku Liwonde. Kuderali, kuyambira m'madambo a mpunga a ku Domasi kukafika kugombe la nyanja ya Chilwa, anthu amadya za msana wawo. Wobzala mpunga amawerama tsiku lonse m'matope, msodzi amakoka khoka ndi kupalasa bwato, wakabaza amanyamula matumba a matemba pamsewu wa zigwembe, ndipo amayi amasenza nkhuni ndi madzi. Msana ukakana, pakhomo pamalowa njala. Ndipo nthawi zambiri amene amalipira ulendo wa ku chipatala chachikulu ndi mwana kapena mlongo wogwira ntchito ku Blantyre, Zomba kapena Lilongwe. Iyeyo ndi amene amaimbiridwa foni kuti dokotala wina wanena za jakisoni, wina wanena za opaleshoni, pomwe wachitatu wati wodwalayo angochita mafizo ndi kudikira.

Jakisoni wake ndi uti?

Choyamba ndi kusiyanitsa majakisoni, chifukwa mawu oti “kubaya pamsana” amasokoneza anthu ambiri. Pali jakisoni wa pathako, monga wa diclofenac, amene amaperekedwa m'zipatala zing'onozing'ono pofuna kupha ululu. Pali kutenga madzi a pamsana kuti akayezedwe, monga zimachitikira munthu akamaganiziridwa kuti ali ndi matenda oumitsa khosi. Palinso jakisoni wochititsa dzanzi amene amayi amabayidwa asanachitidwe opaleshoni yobereka. Onsewa ndi osiyana ndi amene akatswiri akukanganiranayu.

Msana uli ndi mafupa osanjikizana, ndipo pakati pa fupa ndi linzake pali kanthu kofewa kokhala ngati khushoni, komwe madokotala amakatcha disiki. Disiki ikatumphuka kapena kung'ambika, imatha kukanikiza mtsempha wotuluka mumsana n'kuutupitsa. Zikatero ululu umayenda kuchoka m'chiuno, kudutsa pathako, kutsika kuseri kwa ntchafu mpaka kuphazi, nthawi zina limodzi ndi dzanzi kapena kubayabaya. Vutoli m'Chingerezi amati sciatica. Jakisoni amene akunenedwa pano, wotchedwa epidural, amalowetsa mankhwala ochepetsa kutupa a mtundu wa steroid, kawirikawiri osakaniza ndi ochititsa dzanzi, pafupi ndi mtsempha wotupawo. Sabwezeretsa disiki m'malo mwake ndipo sakonza fupa. Cholinga chake ndi kuziziritsa mtsempha kuti munthu apezeko mpumulo pamene thupi likudzichiza lokha.

Kuti mankhwala afike pamalo oyenera, dokotala amafunika kuona kumene singano ikupita pogwiritsa ntchito makina a X-ray ojambula nthawi yomweyo, m'chipinda chaukhondo wa mtundu wa kuthiyeta. Zipangizo zotere sizipezeka pa chipatala chaching'ono cha kumudzi. Choncho kwa munthu wa ku Songani, kusankha jakisoniyu ndi kusankhanso ulendo, malo ogona, womudikirira ndi ndalama.

Zimene kafukufuku wapeza

Ngakhale mawu a magulu awiri aja akuoneka otsutsana, manambala awo satalikirana kwenikweni. Mu 2020, bungwe la Cochrane, lomwe limasonkhanitsa ndi kusefa kafukufuku wa zamankhwala, linaunika kafukufuku 25 wokhudza anthu 2,470 a vuto la sciatica. Linapeza kuti jakisoniyu amachepetsa ululu wa mwendo ndi mapointi pafupifupi 5 pa muyeso wa mapointi 100, poyerekeza ndi jakisoni wopanda mankhwala enieni, ndipo phinduli limaoneka m'masabata ndi miyezi yoyambirira yokha. Madokotala a ubongo a ku America aja anawerengera mwanjira ina: pa anthu anayi obayidwa, mmodzi amapeza mpumulo wa kanthawi umene sakanaupeza akanapanda kubayidwa. Onsewa akuvomerezana kuti phindu lilipo, koma ndi laling'ono ndiponso losakhalitsa.

Ku England, bungwe la NICE, lomwe limalemba malangizo a zipatala za boma, linagamula mu 2016 mogawa odwala m'magulu. Kwa munthu amene akumva msana wokha popanda ululu wotsikira kumwendo, linati asabayidwe. Kwa munthu wa sciatica yongoyamba kumene komanso yowawa kwambiri, linati dokotala angathe kuganizira za jakisoni. Kwa okalamba omwe ngalande ya mumsana yawo yachepa, moti miyendo imawawa akayenda pang'ono, linati jakisoniyu asagwiritsidwe ntchito. Pa gulu lomalizali, kafukufuku wa ku America wa anthu 400, yemwe anatuluka mu 2014 mu New England Journal of Medicine, anali atasonyeza kale kuti kuwonjezera steroid pa mankhwala ochititsa dzanzi sikunabweretse kusiyana kwenikweni patatha masabata 6.

Gulu la BMJ, lomwe linatsogozedwa ndi Jason Busse wa ku McMaster University ku Canada ndipo munalinso anthu odwala msana, linayang'ana ululu wokhalitsa wokha. Pamenepa ndi pamene umboni wa phindu uli wofooka kwambiri. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a December 2023 okhudza ululu wokhalitsa wa msana wosachokera ku matenda ena odziwika, linaika patsogolo kuphunzitsa wodwala za vuto lake, masewera olimbitsa thupi, mafizo, uphungu ndi mapiritsi ochepetsa kutupa. Bungweli limati mu 2020 anthu 619 miliyoni padziko lonse anali ndi ululu wa msana, ndipo chiwerengerochi chikuyembekezeka kufika 843 miliyoni pofika 2050.

N'chifukwa chiyani akatswiri samvana?

Chifukwa choyamba n'chakuti nthawi zambiri amakhala akunena za odwala osiyana. Msodzi amene wagwidwa ndi ululu woopsa wa mwendo masabata atatu apitawo, moti sakugona, ndi wosiyana ndi mayi amene wakhala akudandaula za m'chiuno kwa zaka zisanu. Dokotala woyamikira jakisoni amakumbukira woyambayo, pomwe womukana amaganiza za wachiwiriyo.

Chachiwiri, sciatica yambiri imachepa yokha m'masabata 6 mpaka 12, ndipo chidutswa cha disiki chotumphukacho chimatha kufota pakapita nthawi. Anthu amapita kukabayidwa ululu ukafika pachimake, nthawi imene mwachibadwa umakhala uli pafupi kuyamba kutsika. Wodwala akabwerera akuyenda bwino, iye ndi dokotala wake amayamika singano, ndipo palibe amene akunama. Kungoti palibe amene anaona zomwe zikanachitika popanda singanoyo. N'chifukwa chake kafukufuku woyerekeza magulu awiri a odwala amapereka chithunzi chozizira kuposa chimene dokotala amaona m'chipinda chake.

Chachitatu ndi funso loti phindu lokwanira ndi lochuluka bwanji. Kwa katswiri wowerengera ndalama za unduna, mapointi 5 pa 100 sakwanira kulipirira makina ndi thiyeta. Kwa mlimi amene mpunga wake wacha ndipo mbalame zili m'munda, masabata anayi a mpumulo angapulumutse zokolola za chaka chonse. Sayansi singagamule yokha pakati pa awiriwa.

Chachinayi ndi maphunziro ndi zida za dokotala aliyense. Wa opaleshoni amaona disiki yofunika kuchotsa, wa zopha ululu amaona mtsempha wofunika kuziziritsa, wa mafizo amaona minofu yofunika kulimbitsa. Kumene wodwala amalipira pa chithandizo chilichonse, ndalama nazo zimalowa m'nkhani, ndipo wodwala ali ndi ufulu wofunsa mtengo wa njira iliyonse asanavomere. Komanso madokotala obaya ali ndi mfundo yawo yomveka: amati kafukufuku wambiri amasakaniza njira zosiyanasiyana zobayira, zakale ndi zamakono, ndiponso odwala osankhidwa bwino ndi osasankhidwa bwino, kotero phindu la odwala oyenerera limabisika m'chigulu.

Chithunzi cha MRI nacho sichithetsa mkangano. Kauniuni wa mu 2015 wa anthu omwe sankamva ululu uliwonse anapeza disiki yotumphuka mwa anthu 30 pa 100 alionse a zaka 20, ndi 84 pa 100 alionse a zaka 80. Choncho chithunzi chikaonetsa chilema, sikuti chilemacho ndiye gwero la ululu. Chimene chaoneka pachithunzi chiyenera kugwirizana ndi kumene ululu ukudutsa komanso zimene dokotala wapeza poyeza mphamvu ndi dzanzi la mwendo.

Funso limene London ndi Toronto safunsa kawirikawiri

Kafukufuku wambiri wa majakisoniwa anachitikira m'mayiko olemera. Kugombe la Chilwa kuli matenda amene amayamba ngati msana wamba koma ali ndi mankhwala akeake, ndipo steroid angawabise kapena kuwakulitsa.

Oyamba ndi TB ya msana. Kachilombo ka chifuwa chachikulu kamatha kudya mafupa a msana pang'onopang'ono, munthu osatsokomola n'komwe. Zizindikiro zake ndi ululu wosatha ngakhale munthu atagona, kutentha thupi, thukuta la usiku, kuwonda, ndipo pamapeto pake linunda ndi kufooka kwa miyendo. Matendawa amapezeka kwambiri kumene HIV ili yochuluka, ndipo kafukufuku wa dziko lonse wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti akuluakulu 8.9 pa 100 alionse m'Malawi ali ndi kachilomboka, chigawo chakummwera chikutsogola. Steroid amafooketsa chitetezo cha thupi pamalo pamene waikidwa. Kumubaya pamsana wa TB popanda mankhwala a TB ndi kuthira mafuta pamoto.

Achiwiri ndi likodzo, lomwe ndi lofala m'madambo ndi m'masikimu a mpunga ozungulira nyanjayi. Anthu amalidziwa ndi kukodza magazi, koma mazira a nyongolotsi zake nthawi zina amakakhala mumtsempha waukulu wa mumsana, n'kuyambitsa ululu wa m'chiuno ndi m'miyendo, kufooka ndi kuvutika pokodza. Zoterezi zinalembedwapo m'Malawi muno: mu 1992, anthu awiri ogwira ntchito mongodzipereka a Peace Corps omwe anasambira ku Cape Maclear anapezeka ndi likodzo, wina mu ubongo, wina mumsana. Sizichitika kawirikawiri, koma dokotala woyeza mlimi wa mpunga wa ku Domasi ayenera kuzikumbukira, chifukwa chithandizo chake chimafuna praziquantel.

Achitatu ndi khansa yofalikira kumafupa, monga ya prostate kwa abambo ndi ya m'mawere kwa amayi, komanso khansa ya khomo la chiberekero, yomwe Malawi ali m'gulu la mayiko amene imapezeka kwambiri padziko lonse ndipo ikakula imabweretsa ululu wa m'chiuno ndi m'mwendo.

Palinso zizindikiro zosafuna kudikira mawa: kulephera kukodza kapena kudziwonongera, dzanzi pakati pa miyendo ndi kumaliseche, ndi kufooka kwa miyendo komwe kukukulirakulira. Munthu wotere safunika jakisoni kapena mafizo. Afunika kufika ku Zomba Central Hospital tsiku lomwelo, kuti ngati n'kofunika atumizidwe ku Queen Elizabeth ku Blantyre, chifukwa mitsempha ikakanikizidwa nthawi yaitali imatha kuwonongekeratu.

Zoopsa za singano yeniyeniyo

Anthu ambiri obayidwa sakumana ndi vuto lalikulu. Ena amamva mutu, kutentha kumaso kapena kusowa tulo kwa masiku ochepa. Odwala shuga ayenera kudziwa kuti steroid amakweza shuga m'magazi kwa masiku angapo. Omwe akumwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin angathe kukha magazi mkati mwa msana. Omwe ali pa ma ARV okhala ndi ritonavir ayenera kuuza dokotala, popeza mankhwalawa amachedwetsa thupi kuchotsa ma steroid ena monga triamcinolone, ndipo zotsatira zake zingakhale kutupa nkhope, kukwera kwa shuga ndi kusokonekera kwa thupi kwa miyezi. Kubayidwa mobwerezabwereza kumafooketsanso mafupa.

Zoopsa zazikulu ndi zosowa koma zilipo. Mu April 2014, bungwe loyang'anira mankhwala ku America la FDA linachenjeza kuti jakisoniyu, mwa apo ndi apo, wachititsapo khungu, sitiroko, kufa ziwalo ndi imfa. Mu 2012, mankhwala a steroid oipitsidwa ndi nkhungu ochokera ku kampani ina ya ku Massachusetts anadwalitsa anthu oposa 750 ndi kupha oposa 60. Ngati zinachitika m'dziko la malamulo okhwima, phunziro kwa Malawi ndi lomveka: mankhwala olowa pafupi ndi mtsempha wa msana ayenera kukhala ovomerezedwa ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo wobayayo akhale wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi ndiponso wophunzira ntchitoyi.

Njira zinazo nazonso zili ndi mtengo wake. Mapiritsi a diclofenac ndi ibuprofen, omwe amagulidwa mosavuta m'misika ndi m'magolosale, akamwedwa miyezi yambiri amabweretsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso, makamaka kwa okalamba, odwala kuthamanga kwa magazi ndi omwe akumwa ma ARV okhala ndi tenofovir. Jakisoni wa pathako akabayidwa pamalo olakwika amatha kuvulaza mtsempha womwewo wa sciatica. Chikhulupiriro choti jakisoni aliyense ndi wamphamvu kuposa piritsi chimapangitsa ena kukakamiza achipatala kuti awabaye, ndipo ena amakabayitsa kwa anthu osaphunzira. Opaleshoni nayo si yankho la aliyense. Kafukufuku wa ku Netherlands wa mu 2007 anapeza kuti ochitidwa opaleshoni msanga anachira mofulumira, koma patatha chaka anali chimodzimodzi ndi omwe anayamba ndi kudikira, ngakhale ena mwa odikirawo anadzachitidwabe opaleshoni.

Kumene Malawi ali

Mu 2008, Pulofesa Nyengo Mkandawire ndi anzake analemba kuti dziko lino linali ndi madokotala a opaleshoni ya mafupa 9 okha pa anthu pafupifupi 13 miliyoni. Ntchito yaikulu ya mafupa inali, ndipo ikadali, m'manja mwa ma clinical officer a mafupa, omwe maphunziro awo anayambitsidwa mu 1985 ndi Dr Ed Blair wa ku Canada. Zinthu zasinthako. Sukulu ya madokotala ku Blantyre, yomwe tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, imaphunzitsa akatswiri a mafupa ndi a mafizo. Mu 2023 chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION chinatsegulidwa pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Komabe akatswiri ndi makina akadali m'mizinda ikuluikulu, ndipo nthawi yawo yambiri imathera pa ovulala pangozi zapamsewu.

Izi zikutanthauza kuti munthu wa ku Songani amayamba ndi chipatala cha Domasi kapena St Luke's ku Malosa, kenako Zomba, kenako Blantyre, mtunda wa makilomita oposa 60 kuchokera mumzinda wa Zomba. Pa sitepe iliyonse amakumana ndi wachipatala wina, ndipo si zachilendo kumva malangizo atatu osiyana. Kuchokera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa mayendedwe ndi wa chithandizo cha m'zipatala zolipira wakwera, moti banja lingagulitse mbuzi kapena matumba a mpunga pofuna mpumulo umene mwina utha pakapita miyezi iwiri.

Kusankha mwanzeru

Madokotala awiri akasiyana, wodwala ndi abale ake sayenera kusankha amene walankhula molimba mtima kapena amene ali ndi chipatala chokongola. Safunsa anadya phula. Mafunso angapo amaulula gwero la kusiyanako. Kodi TB, likodzo, khansa ndi matenda ena a mafupa zaganiziridwa ndi kuyezedwa? Kodi ululu waukulu uli kumwendo kapena kumsana? Watha masabata angati? Kodi chithunzi chikugwirizana ndi kumene kukuwawa? Jakisoni akagwira, mpumulo ukhala nthawi yaitali bwanji, nanga akapanda kugwira chotsatira n'chiyani? Abaya ndani, ndipo aona bwanji kumene singano ikupita? Ndi bwinonso kupempha dokotala aliyense kuti alembe maganizo ake m'buku la kuchipatala, kuti mnzakeyo awerenge ndi kuyankha mfundo yeniyeniyo m'malo modalira zimene wodwala wakumbukira.

Mayankho akaikidwa pamodzi, njira imaoneka. Munthu wa ululu woopsa wotsikira kumwendo, wa masabata kapena miyezi yochepa, amene mapiritsi ndi mafizo zalephera ndipo matenda ena achotsedwa, ali ndi chifukwa chomveka choyesera jakisoni mmodzi, akudziwa kuti akugula nthawi osati machiritso. Munthu wa msana wokha, kapena wa ululu wa zaka zambiri, ndalama zake zingagwire ntchito yabwino pa mafizo, kuyenda tsiku ndi tsiku ndi kusintha kanyamulidwe ka katundu, popeza kugona pamphasa masabata ambiri kumawonjezera vuto. Ndipo ngati jakisoni woyamba sanathandize, palibe chifukwa chabwino choyembekezera zodabwitsa kwa wachiwiri ndi wachitatu.

Kwa Unduna wa Zaumoyo, mkangano wa akatswiri akunjawu uli ndi uthenga wopepuka. Dziko la ndalama zochepa silitaya zambiri ngati majakisoniwa sakupezeka paliponse. Limataya zambiri ngati TB ya msana ipezeka munthu atafa kale miyendo, ndiponso ngati wa mafizo ali kutali moti mlimi sangamufikire kawiri pa mwezi. Malangizo omveka a dziko lino onena za amene ayenera kubayidwa ndi amene sayenera, ophunzitsidwa kwa ma clinical officer a m'maboma, pamodzi ndi ogwira ntchito ya mafizo m'zipatala ngati Domasi, angathandize alimi ndi asodzi ambiri a kugombe la Chilwa kuposa makina amodzi atsopano mumzinda.